Abale akuti tisamuuze kuti sadzayendanso, mwini wake wayamba kukana kutembenuzidwa

Namwino_waNaiti

Anzanga ndithandizeni, ine zandikwana. Tili ndi mnyamata pa wodi, ngozi ya pamsewu, anavulala msana pa T10 (mlingo wa pa mchombo), ASIA A (gulu la ovulala kwathunthu, complete), sabata yachisanu ndi chimodzi tsopano. Spinal shock (dzanzi lakanthawi la masiku oyamba munthu atavulala msana) inatha kalekale, exam yabwerezedwa kangapo, palibe sacral sparing (kumva kapena mphamvu zotsalira kumalo ochitira chimbudzi), kuyambira pa mchombo kutsika m'munsi kuli zii. Mutu uli bwinobwino, amawerenga, amacheza, foni yake amayendetsa yekha.

Vuto ndi ili. Bambo ake ndi mkazi wake anapita kwa adokotala masiku oyambirira omwe kukapempha kuti asauzidwe kuti sadzayendanso. Adokotala anavomera. Chimene akudziwa iye n'chakuti "mitsempha yangochita dzanzi, ibwerera". Ndiye a mafizo akabwera ndi wilutcheya akuti ya chiyani, ine ndituluka muno ndi miyendo yanga. Tikufuna kumuphunzitsa intermittent cath (kudziika katheta nthawi ndi nthawi kuti atulutse mkodzo) akukana, akuti ndi zakanthawi izi. Bowel programme (ndondomeko yochitira chimbudzi) ndiye musachite kunena.

Usiku wa dzana cha m'ma 2 koloko ndikumutembenuza anandigwira dzanja, akuti "Sisita, inuyo ndiuzeni zoona, anthu akumanong'onezana ndikayang'ana kumbali." Ndinamuuza kuti ndiwapempha adokotala akambe naye. Pa raundi adokotala anaima kumiyendo kwa bedi n'kumayankhula ndi bambo ake, mwini wake ngati kulibe. Chichokereni apo wasiya kutiyankhula, akukana kutembenuzidwa, pa sacrum (fupa la pamwamba pa matako) pasupuka kale, chilonda cha pabedi stage 2. Chakudya akungolawa. Mkazi wake amanditsatira mpaka ku duty room akulira, akuti ndizimuuza kuti achira.

Kunama sindikufuna. Kudumpha adokotala sindingathe. Kumutembenuza mokakamiza munthu wamkulu wanzeru zake sindikudziwa ngati n'kololedwa. Mawa ndilinso pa naiti. Chonde musandiuze za four principles (mfundo zinayi zija za khalidwe la azaumoyo), mayeso ndinalemba ndipo ndinakhoza.

CO_waMafupa

Pepani ndi ntchito chemwali. Ine ndakalambira mu wodi ya mafupa ndipo ndinena mosapita m'mbali: musamuuze. Chiyembekezo nachonso ndi mankhwala. Amene akamunyamule, kumusambitsa, kumusintha zogonera akaipitsa, ndi bambo akewo ndi mkazi wakeyo. Inu mwezi wamawa akusinthani wodi, iwo atsala naye moyo wonse. Amamudziwa kuyambira ali mwana. Akati sangapirire ndiye kuti sangapirire. Adzazindikira yekha pang'onopang'ono, mtima utakhazikika. Za chilondazo itanani anzanu awiri mumutembenuze basi, tsiku lina adzakuthokozani.

Mafizo_TsikuLililonse

Akuluakulu, ndi ulemu wonse, "adzazindikira yekha" ameneyu ndi amene amatibweretsera anthu patatha miyezi isanu ali ndi stage 4, fupa likuoneka, mawondo atapindikiratu, mkodzo uli mafinya okhaokha. Azindikira yekha ali kuti, ali bwanji?

Ife nthawi yathu ndi inoyi, adakali pa wodi. Mapewa ndi mikono ziyenera kulimba chifukwa ndizo miyendo yake tsopano. Aphunzire kukhala tsonga osagwa, kuchoka pabedi kupita pa wilutcheya, kudzinyamula pampando kuti matako apume. T10 manja ali bwino onse, munthu ameneyu akhoza kudzichitira pafupifupi chilichonse yekha. Koma sindingamuphunzitse moyo umene sakudziwa kuti ndi wake. Ndimafika ndi wilutcheya, iye amandiona ngati wosokonezeka, ndipo malinga ndi zomwe anauzidwa akulondola.

Ludwig Guttmann atatsegula wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville mu 1944, anthu oterewa ankangowasiya pabedi kudikira imfa, ndipo zimene zinkawapha ndi zomwezi, zilonda za pabedi ndi matenda a njira ya mkodzo. Iye analimbikira kuti azitembenuzidwa pa maola awiri alionse usana ndi usiku, komanso kuti adzuke agwire ntchito ndi kuchita masewera. Mpikisano umene anayambitsa mu 1948 ndi umene unabala Paralympics. Ife mu zaka zino tikubwerera kumbuyo chifukwa choopa kutsegula pakamwa.

Sisita_waPalliative

Mng'ono wanga, choyamba dziwani kuti mnyamatayo akudziwa kale. Munthu safunsa funso limenelo 2 koloko usiku ngati sakudziwa. Chimene akufunafuna ndi munthu mmodzi yekha woti asamunamize. Kukana kutembenuzidwako ine ndikukuwerenga ngati mkwiyo, ndi chinthu chokhacho chimene chatsala m'manja mwake choti anene kuti ayi.

Kwathu ku palliative (kosamalira odwala matenda osachiritsika) izi ndi za tsiku ndi tsiku, abale a odwala khansa amatipempha zomwezi. Ndimayamba ndi abalewo, osati wodwala. Sindiyamba ndi kuwauza za ufulu, akamva mawu amenewo amatseka makutu. Ndimawafunsa kuti mukuopa kuti chichitika n'chiyani akadziwa. Alekeni ayankhule mpaka amalize. Nthawi zambiri bambo amaopa kuti mwana adzipha, mkazi amaopa kuti mwamuna amuthamangitsa kapena iye mwini sakwanitsa. Kenako ndimawalonjeza zinthu ziwiri: sitimukakamiza kumva zomwe sakufuna kumva, koma akafunsa yekha sitimunamiza. Ambiri pamenepa amafewa, chifukwa nawonso chinsinsicho chawalemera.

Kwa wodwalayo njira ndi ija ya SPIKES, ndondomeko youzira wodwala nkhani yovuta, inasindikizidwa mu 2000 ndi Baile ndi anzake, ya odwala khansa koma imagwira pena paliponse. Malo oduka mphepo, makatani otseka, mukhale pansi maso anu afanane ndi ake, osaima kumiyendo. Mufunseni kaye kuti iye akuganiza kuti chikuchitika n'chiyani ndi miyendo yake. Mufunseni ngati akufuna kudziwa zonse, kapena pang'onopang'ono, kapena tikambe ndi wina m'malo mwake. Alipo ena amasankha kusadziwa ndipo ndi ufulu wawonso, koma asankhe yekha, asamusankhire. Mukanena mawu ovutawo khalani chete. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, timayamba kubwebweta za wilutcheya munthu akadali kumeza nkhani.

Koma chenjerani: musachite zimenezi nokha pa naiti. Kulibe dokotala woyankha mafunso a prognosis (tsogolo la matenda ake), kulibe wauphungu, inu muli ndi odwala wodi yonse, mukangomuuza wina akuitanani kuti dripu yatha, iye atsala yekha mu mdima mpaka mbandakucha. Mawa akafunsanso muuzeni kuti, "Funso lanu ndi loyenera ndipo muyenera kuyankhidwa. Ine sindikunamizani. Ndikonza zoti tikhale pansi ndi adokotala masana, ndipo ine ndidzakhalapo ngati mukufuna." Mawu amenewo mulibe bodza, komanso simunadumphe aliyense.

CO_waMafupa

Asisita a palliative, odwala anu akupita kumanda, akadziwa amakonza za ana ndi katundu. Uyu ali ndi zaka 40 kapena 50 kutsogoloku. N'zosiyana.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa. Tinali ndi bambo wina anagwa pa denga akugwira ntchito, nayenso complete. Ankaseka, ankadya, ankachita nthabwala ndi ma gadiyani a anzake. Kunabwera dokotala wachinyamata wodziwa mabuku, pa raundi pomwepo anthu ali gulu, anangoti bambo inu zoyenda iwalani. Munthu uja anatembenuzira nkhope kukhoma. Sanadyenso, mankhwala ankalavula, patapita masabata ochepa tinamutulutsa atafundidwa nsalu. Dokotala uja anali atapita kale ku rotation ina. Amene ndinayang'anizana ndi mkazi wake ndine. Ndiye mukamati auzidwe, ine ndimaona nkhope ija. Musamuuze. Mverani abale.

Wauphungu_waChipatala

A CO, nkhani yanuyo ndi yowawa ndipo sindikuipeputsa. Koma taionaninso. Bamboyo anauzidwa pagulu, ndi mlendo, mawu amodzi, kenako aliyense anapita pa bedi lotsatira. Ndipo atasiya kudya, alipo amene anakhala naye pansi kumufunsa zomwe zili mumtima? Alipo anamuyeza depression (matenda a kukhumudwa kwambiri)? Chimene chinavuta ndi kauzidwe komanso kusiyidwa yekha pambuyo pake.

A Namwino_waNaiti, chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi chakuti mnyamata wanuyo watembenuzira kale nkhope kukhoma asanauzidwe n'komwe. Wasiya kuyankhula, wasiya kudya, akukana chisamaliro. Izi ndi zizindikiro zoti tichitepo kanthu sabata ino. Lipoti la WHO la 2013 la ovulala msana linati pakati pa 20 ndi 30 pa 100 alionse amaonetsa zizindikiro zenizeni za depression, ndipo zodzipha zimachuluka kuposa anthu wamba makamaka zaka zoyambirira. Muyezeni ndi PHQ-9 (mafunso asanu ndi anayi oyezera depression), ndipo funso la nambala 9 lija, la maganizo ofuna kufa, musalidumphe chifukwa cha manyazi. Mufunseni mwachindunji ngati amaganiza zoti bola kufa, ngati waganizapo njira yake. Kufunsa sikuika maganizo odzipha m'mutu mwa munthu, zimenezo zinafufuzidwa kale. Ambiri amapuma mpweya wa phuu kuti wina wafunsa.

Chenjezo lina. Ngati ali pa amitriptyline chifukwa cha ululu wa mitsempha, kapena tramadol, onetsetsani kuti akumeza inu mukuona. Osasiya mapiritsi pa loka kuti amwa akadzuka. Amitriptyline akaunjikidwa ndi woopsa kwambiri ku mtima.

Ndipo mkaziyo musamuiwale. Tonse tikumuona ngati chopinga, koma tsiku la ngozi ija iyenso moyo wake unatembenuka, ndipo akusenza yekha chinsinsi chimene sangagawane ndi munthu amene ankagawana naye zonse. Amamwetulira pabedi, amakalirira pakhonde. Munthu sangakhale choncho nthawi yaitali. Mutumizeni kwa ife payekha, apongozi ake palibe.

Mphunzitsi_waAnamwino

Mwati tisanene za four principles, chabwino, koma mbali ya malamulo ndiyenera kuinena chifukwa zikavuta amene adzaitanidwe kukayankha ndi inu.

Chinsinsi cha matenda ndi cha wodwala. Apa zinayenda chagada: abale anauzidwa popanda chilolezo cha mwini wake, mwini wake n'kubisiridwa. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la 2006, Article 12 imati munthu waulumali ali ndi mphamvu zodzisankhira mofanana ndi wina aliyense, ndipo Article 25 imati azaumoyo amuthandize iye atauzidwa n'kuvomereza mwaufulu. Kufa miyendo sikuchotsa nzeru. Mukafuna muyeso wosavuta wa capacity (kutha kudzipangira chisankho), uja wa mu Mental Capacity Act ya 2005 ya ku England ndi Wales ambiri timabwereka pophunzitsa: kodi akumvetsa zomwe wauzidwa, akuzisunga m'mutu, akutha kuziyeza ubwino ndi kuipa kwake, akutha kunena chimene wasankha. Monga mwamufotokozera, anayi onsewa akukhoza. Malamulo a dziko lililonse amasiyana pang'ono, onaninso code of ethics ya council yanu.

Ndiye kumugwira anthu atatu n'kumutembenuza akukana, ayi. Kugwira thupi la munthu wanzeru zake atakana ndi mlandu, ngakhale cholinga chili chabwino. Koma taonani msampha wake: kukana kwakeko nakonso si kwa munthu wodziwa, chifukwa sanauzidwe kuti khungu limenelo silidzamvanso kuwawa komuchenjeza, ndiponso kuti chilondacho chikhoza kumupha. Simungamukakamize, simunganenenso kuti anakana yekha n'kusamba m'manja. Njira yotulukira mu msamphawu ndi imodzi, auzidwe.

Lembani mu fayilo. Mawu ake enieni, tsiku, nthawi, kuti munadziwitsa ndani ndipo anayankha chiyani. Nthawi iliyonse akakana kutembenuzidwa lembani kuti munamufotokozera chiyani. Komanso anzanga, muno tilimo ambiri, tisawonjezerenso zina zomuzindikiritsa mnyamatayu. Zimene zanenedwazi zakwana.

CO_waMafupa

Aphunzitsi, ma Article amenewo sasambitsa wodwala. Akatuluka, Article 12 sidzabwera kudzamuchotsa chimbudzi. Mukakangana ndi abale lero, mwamudulira nthambi yokhayo imene wakhalira. Ine ndikuti abale anena, tiwamvere.

OT_waPaWilutcheya

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyankhulepo, chifukwa pa bedi limenelo ndinagonapo. Ndinavulala msana ndisanayambe sukulu ya ntchito ya occupational therapy (OT) imene ndikugwirayi, ndipo inenso anandibisira.

Chimene chinandipweteka kwambiri tsiku limene ndinadziwa sichinali miyendo. Ndinayamba kuwerenga nkhope imodziimodzi: mayi anga ankadziwa, achimwene ankadziwa, namwino amene ankandiseketsa m'mawa uliwonse ankadziwa, ngakhale wokolopa ankadziwa. Ine ndekha ndinali chitsiru cha pa wodi, kumauza alendo kuti mwezi wamawa ndibwerera ku mpira, iwo n'kumagwedeza mitu. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndikhulupirirenso mawu a munthu wovala yunifolomu, ndipo pamene ankandichenjeza zoona za khungu ndi chikhodzodzo ndinkangoti awa ndi abodza omwe aja.

Chimene chinandidzutsa sanali dokotala kapena wauphungu, pepani anzanga. Anali bambo wina wa pa wilutcheya amene a mafizo anamuitana. Anafika pa wodi akudziyendetsa yekha, anamanga mabuleki, anachoka pampando kukhala pa bedi la pafupi ngati palibe chachitika, n'kundifunsa kuti ukudziwa kudziika katheta wekha kapena ukufuna akazi azikugwira mpaka liti. Ndinakwiya, kenako ndinaseka koyamba chivulalireni. A Namwino_waNaiti, ngati mungapeze munthu wotere, abwere tsiku lomwelo kapena lotsatira mnyamatayo atauzidwa. Koma mufunseni kaye, ena safuna kuona wilutcheya masiku oyamba.

A CO, mantha amene muli nawo ndi anu, si a mnyamatayo. Sindikunyozani, azaumoyo ambiri ali choncho. Kafukufuku wina wa ku America wa 1994, wa Gerhart ndi anzake, anafunsa ogwira ntchito ku emergency kuti atavulala msana kwambiri angasangalale kuti ali moyo. Amene anati inde anali 18 pa 100 alionse. Anthu ovulala msana enieniwo, 92 pa 100 alionse ankati akusangalala kuti ali moyo. Ife timaona munthu sabata zoipitsitsa za moyo wake n'kuganiza kuti moyo wake wonse udzakhala womwewo, chifukwa amene zikuwayendera sabwera ku wodi.

Chinanso chimene palibe wachitchula. Mnyamata wokwatira, funso lake lalikulu mwina si kuyenda. Akufuna kudziwa ngati adzathenso kugona ndi mkazi wake, ngati adzabereke, ngati fungo la mkodzo lidzathe, ngati adzathe kupeza ndalama. Sangafunse zimenezi bambo ake ataima pomwepo. Mupatseni nthawi ya yekha, ndipo wina wosachita manyazi ayambitse nkhaniyo. Mayankho alipo, ndipo si onse oipa monga akuganizira akagona usiku.

CO_waMafupa

Achimwene, ndakumvani ndipo ndikukulemekezani. Koma inu ndinu mmodzi, munapita ku sukulu, muli pa ntchito. Si onse amatha choncho. Ine ndikunena za ambiri amene ndawaona. Abale akati ayi, pali chifukwa.

Intern_Wotopa

Ndiyankhuleko mbali ya ife amene timaima kumiyendo kwa bedi. Nthawi zambiri si kudzikuza, ndi mantha. Raundi ili ndi odwala ambirimbiri, akuluakulu akuthamangira ku theatre, ndipo ukudziwa kuti ukangoyang'ana wodwalayo m'maso akufunsa funso lofuna theka la ola. Kuyankhula ndi gadiyani n'kwachidule.

Komanso mawu oti "sadzayendanso" amandivuta. Tinaphunzira kuti exam ya pa maola 72 imalosera bwino kuposa ya tsiku loyamba, kuti kusintha kwambiri kumachitika miyezi yoyambirira, ndi kuti ASIA A ya pa thoracic (chigawo cha msana chomwe pali T10) ikakhala choncho mpaka pano mwayi woyenda ndi wochepa zedi. Koma wochepa zedi si ziro. Ndinene bwanji osanama komanso osatsegula khomo la chiyembekezo chabodza? Ndikangoti mwayi ulipo pang'ono, banja lonse limamva kuti achira.

Nzeru imodzi kwa asisita: mukalemba mu fayilo mawu ake enieni, kuti wodwala wapempha kuuzidwa za matenda ake, n'kulemba pempho la family meeting pansi pake, palibe dokotala angapitirire tsamba limenelo osachitapo kanthu. Zonena pakamwa pa raundi zimauluka.

Sisita_waPalliative

A Intern, ine ndimati: "Malinga ndi mmene tayezera kangapo, sitikuyembekezera kuti miyendo idzagwiranso ntchito moti n'kuyenda. Ndikanakonda zikanakhala zina. Tipitiriza kuyeza, kukasintha kanthu tidzakuuzani. Koma tikonzekere moyo wa pa wilutcheya kuyambira lero, chifukwa kudikira kukuonongerani thupi." Manambala musawatchule pokhapokha atafunsa. Ndipo sizitha tsiku limodzi, mawa adzafunsanso zomwezo ngati sanamve, muyankheninso mofatsa.

Namwino_waNaiti

Zikomo nonse ndawerenga mothamanga. Ndalemba mu fayilo, ndawauza asisita aakulu a wodi, akuti akonza meeting. Koma bambo aja amva mphekesera, abwera akukalipa, akuti tikangomuuza asainira amutulutse apite naye kwina. Mkazi ali chete. PHQ-9 sindinachite, sakundiyankha n'komwe. Usiku wathawu walola kutembenuzidwa kamodzi kokha. Mnzanga wa pa shifiti akuti tipemphe diazepam kuti tizimutembenuza ali mtulo. Pakadali pano chilondachi nditani??

Mphunzitsi_waAnamwino

Diazepam ayi, ayi ndithu. Kumugoneka munthu ndi mankhwala kuti muchite chimene wakana ali maso ndi kukakamiza komweko, kungoti kwavala jekete. Ndipo bambowo sangasainire munthu wamkulu wanzeru zake. Fomu yotuluka mokana malangizo asaine mwini wake, ndipo kuti asaine ayenera kuuzidwa chimene akukana. Auzeni bambowo zimenezi mwaulemu, pambali, osati pa wodi, ndipo awauze ndi dokotala wamkulu osati inu.

Mafizo_TsikuLililonse

Za chilonda, mubwezereni ulamuliro pang'ono. Musafike n'kungoti nthawi yotembenuka yakwana. Mufunseni mbali imene akufuna, amene akufuna amugwire, ngati tichite pano kapena pakapita mphindi khumi. Manja ake ndi abwino, agwire chitsulo cha bedi adzikoke yekha inu muzingothandiza miyendo. Akakana kutembenuka kwathunthu pemphani kupendeketsa pang'ono, madigiri 30 ndi mapilo, bola sacrum ichoke pa matiresi. Zidendene zilendewere, mutu wa bedi usakwere kwambiri chifukwa akamatsetsereka khungu limang'ambika mkati. Kugona chafufumimba kumathandiza ngati a mafupa avomereza kuti msana wakhazikika, musayambe musanafunse.

Ndipo kodi chilondacho anachionapo? Ambiri sakhulupirira chifukwa sichiwawa. Tengani magalasi awiri mumuonetse. Ine ndinaonapo munthu amene ankakana chilichonse, ataona msana wake pagalasi anayamba kutchera alamu yekha.

Namwino_Wopuma

Ana anga, galasi inde, koma foni ayi. Masiku ano mumajambula matako a odwala pa mafoni anu kuti mukaonetse adokotala, chithunzi chikhala momwemo, mwana wanu akaseweretsa foniyo kunyumba. Ngati mukujambula, mwini wake avomere, ndipo bwino mujambule pa foni yake.

Nkhani yanuyi yandikumbutsa mayi wina wovulala msana pa T4 (mlingo wa pachifuwa) amene tinamutulutsa abale atakaniza kuti asauzidwe zambiri, akuti angataye mtima. Palibe amene anamuphunzitsa autonomic dysreflexia (kukwera kwa BP mwadzidzidzi kwa ovulala msana cham'mwamba), iye kapena omusamalira. Kunyumba katheta inatsekeka, mutu unayamba kuwawa ngati ukusweka, thukuta kumaso, iwo anamupatsa mankhwala a mutu n'kumugoneka chagada kuti apume. Pofika naye kwa ife BP inali kumwamba koopsa, tinangosintha katheta n'kumukhazika tsonga, inatsika. Anapulumuka mwamwayi. Wanuyu ndi T10, zimenezi zimakonda a T6 kupita m'mwamba, koma mfundo ndi yomweyo, thupi limeneli adzalisunga ndi iyeyo.

Ndipo si a msana okha. Odwala osamva timawachita zoipa kuposa apa. Ndinaona mayi wosamva akuuzidwa kuti chiberekero chichotsedwa, womasulira ali mwana wake wa ku pulayimale. Mwanayo mawu amenewo sankawadziwa ngakhale pakamwa, nanji ndi manja. Mayi anadinda chala pa fomu akumwetulira.

Wauphungu_waChipatala

Amayi, ya ana omasulirayo ndi nkhani yofuna ulusi wakewake. Mwana asamasulire za matenda a kholo lake, zimamutsalira m'mutu, komanso kholo silingafunse zachinsinsi. Pakasowa womasulira chinenero chamanja, bola munthu wamkulu amene wodwalayo wasankha yekha, kulemba, kujambula, ndipo pomaliza wodwalayo abwereze zimene wamva. Chimodzimodzi a stroke amene mawu anasokonekera. Ambiri amamva zambiri kuposa zomwe angathe kunena, ife n'kumakamba za iwo pamaso pawo.

A Namwino_waNaiti, ngati sakuyankha PHQ-9 musamuumirize ndi pepala, koma kusayankhako kulembeni ndipo a mental health amuone asanafike meeting ija. Nanunso mupeze wokamba naye. Kunyamula bodza la anthu ena usiku uliwonse kumatopetsa kuposa shifiti.

CO_waMafupa

Mwaona tsopano? Bambo akufuna kumutulutsa. Ndi zimene ndimanena zija. Akatuluka ndi stage 2 imeneyo wopanda mafizo, wopanda katheta yabwino, mwapindula chiyani ndi choonadi chanucho? Mukanangomvera abale bwenzi ali pa wodi mwezi wina tikumuthandiza. Ine sindisintha.

OT_waPaWilutcheya

Mwezi wina akukana kutembenuzidwa, a CO? Tikumuthandiza chiyani?

Intern_Wotopa

Pa za osamva zija, kodi chilolezo chodinda chala popanda womasulira woyenera chimawerengedwa kuti ndi chilolezo? Tili ndi wina pa list ya sabata yamawa, amabwera ndi mchemwali wake amene amayankha chilichonse wodwalayo asanamalize n'komwe kuyang'ana milomo yathu. Mboni pa fomu akhale ndani, mchemwali yemweyo?